Nkhoswe wa Pagudumu: Mbiri ya Magudumu Obwereka pa Galimoto Zanyonga za ku America

Munthu wodutsa pafupi ndi galimoto yoimikidwa m'mbali mwa msewu, akaponya maso pa gudumu naona manati asanu atazungulira pakati pake, sayesa konse kuti pamenepo pali nkhani yoti n'kukhalira pansi, pakuti kwa iye gudumu ndi gudumu basi, monga momwe kwa mlendo ng'ombe zonse za m'khola zimaoneka zofanana. Koma mwini khola amadziwa iliyonse ndi mayi wake, ndipo chomwechonso mmisiri wa galimoto, akangoika chala pa mabowo a gudumu, amakuuzani nyumba imene lidabadwira. Mabowowo ali ngati mfunda wa munthu. Sakhala chikhalire pamene wina wafuna, koma pa bwalo lopimidwa bwino, ndipo kukula kwa bwalolo ndiko kumene kumalola gudumu kulowa pa galimoto ina ndi kulikaniza pa inzake. Ku America, dziko limene lidabala galimoto zanyonga zotchedwa muscle car, kusiyana kumeneku kudadzetsa luso lapadera lolumikiza gudumu la nyumba ina ndi galimoto ya nyumba ina, ndipo mbiri ya lusolo, imene yatenga zaka pafupifupi 90, ndiyo ndifuna kuilondola pano.

Pamene Henry Ford adatulutsa Model T m'chaka cha 1908, magudumu ake adali a mtengo, opalidwa monga a ngolo, ndipo kuwachotsa sikudali ntchito ya mwini galimoto aliyense. Model A, imene idagulitsidwa kuyambira kumapeto kwa 1927 kufikira 1931, ndiyo idazolowetsa anthu ambiri gudumu lachitsulo la masipoko lomangidwa ndi manati asanu, mabowo ake ali pa bwalo la mainchi 5.5. Chaka ndi chaka gudumu la Ford lidanka lichepa: lidayamba ndi mainchi 21, mu 1930 lidatsika kufika pa 19, mu 1932 pa 18, mu 1933 pa 17, ndipo mu 1935 pa 16; koma popeza mabowo sadasunthe, mnyamata wokhala ndi Model A yakutha adatha kutola magudumu a 1935 kumalo otayirako galimoto zakufa, nawamanga pa yake popanda kufunsa munthu. Mwambo wobwereka magudumu udayambira pamenepo. Kenaka mu 1936 nyumba ya Ford yomweyo idasintha maganizo, nitayanitsa mabowo asanuwo kufikira pa bwalo la mainchi 10.25, kotero kuti pakati pa gudumu padangotsala chibowo chachikulu. Idachita zimenezi zaka zinayi, ndipo mu 1940 idabwerera ku muyeso wake wakale monga munthu wosamuka amene wakapeza kuti kubwinja kunali bwino.

Zaka zinayi zimenezo zidasiya msokonezo umene anyamata a ku California adayenera kuuthetsa ndi manja awo. Iwowa ndiwo amene adali kuchotsa madenga ndi madigadi pa Ford zakale kuti zipepuke, napita nazo kukapikisana liwiro pa nyanja zouma za m'chipululu cha Mojave, ku Muroc ndi ku El Mirage, ndipo mu 1937 adakhazikitsa bungwe lawo la Southern California Timing Association. Ambiri a iwo adali osauka, ndipo sitolo yawo idali mulu wa zitsulo zotayidwa. Wina akapeza mabuleki amafuta a Ford ya 1939, amene adali oyamba a mtunduwo m'nyumba imeneyo, koma magudumu amene ali nawo ndi a muyeso wina, sadagwe mphwayi. Adatenga chitsulo chaphanthiphanthi, nachibowola mizere iwiri ya mabowo, wina wogwirizana ndi galimoto ndi wina wogwirizana ndi gudumu, nachiika pakati. Ena adachita choposa apo: adadula misomali yogwirizitsa mtima wa gudumu ndi limu lake, natembenuza limulo chakumbuyo, naliwotcherera mwatsopano, kuti teyala lituluke kunja ndipo galimoto iime motangadza ngati mwamuna wokonzeka kulimbana. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anyamata omwewo adabwerako atadziwa kugwiritsa ntchito makina osemera zitsulo, amene adawaphunzira pokonza ndege ndi zombo, ndipo chimene kale chidali chigamba cha mmphawi chidasanduka ntchito ya mmisiri; magazini ya Hot Rod, imene Robert Petersen adaiyambitsa mu Januwale 1948, idafalitsa nzeru zimenezi m'dziko lonselo.

Chaka cha 1949 ndicho chidakhazika malire amene alipobe mpaka lero. Ford idasamukira ku bwalo la mainchi 4.5, muyeso umene nyumba ya Chrysler idali nawo kale, ndipo Chevrolet, posiya manati asanu ndi imodzi amene idali nawo, idasankha mabowo asanu pa mainchi 4.75, pamene galimoto zazikulu za abale ake m'banja la General Motors, monga Cadillac, Buick ndi Oldsmobile, zidali pa mainchi 5. Taonani kuchepa kwake kwa nkhaniyi: pakati pa Ford ndi Chevrolet pali gawo limodzi la magawo anayi a inchi, ndiko kuti mamilimita 6.35, osaposa kunenepa kwa pensulo. Komatu kampata kameneka kakwanira kugawa amisiri, ogulitsa ndi eni galimoto m'mafuko awiri kwa zaka zoposa 70. Ine sindikhulupirira kuti muyeso umodzi udali wolimba kuposa unzake, pakuti yonse iwiri idanyamula injini zazikulu popanda kudandaula. Chimene ndiona n'chakuti nyumba iliyonse idali ndi makina ake, amisiri ake ndi ulemu wake, ndipo palibe mfumu imene imakondwa kukabwereka muyeso kwa mfumu inzake.

Kupima kwake kuli ndi chinsinsi chimene chapusitsa ambiri. Pa gudumu la mabowo anayi kapena asanu ndi limodzi, bowo lililonse lili ndi linzake loyang'anizana nalo, ndipo munthu amangopima kuchokera pakati pa ili kufika pakati pa ilo. Pa gudumu la mabowo asanu palibe bowo loyang'anizana ndi linzake; choncho mmisiri amaika chopimira pakati pa bowo limodzi, nadumpha loyandikana nalo, nakafika pa mlomo wakunja wa bowo lachitatu, ndipo ngakhale atatero, chimene wapezacho n'chongoyandikira, kotero kuti wochenjera amatenganso kachipangizo kokhala ndi mizere ya miyeso yonse, nakagoneka pa gudumupo kuti maso atsimikize chimene dzanja lanena. Safunsa adadya phula, ndipo ambiri adanyamula magudumu anayi ulendo wa tsiku lathunthu, n'kukazindikira pakhomo kuti bowo loyamba lalowa koma lachitatu lakana.

Galimoto zanyonga zenizeni zidadza mu 1964. Akuluakulu a General Motors adali ataletsa nyumba zawo kulowa m'mipikisano kuyambira mu 1963, ndiponso adali ndi lamulo lakuti galimoto ya thupi lapakati isakhale ndi injini yaikulu. Koma John DeLorean ndi anzake Bill Collins ndi Russ Gee a ku Pontiac, imodzi mwa nyumbazo, adalambalala lamulolo mwa kuika injini ya malita 6.4, ya mphamvu ya akavalo 325, m'thupi la Tempest, nanena kuti si galimoto yatsopano ayi koma chowonjezera chimene wogula angasankhe, nachitcha GTO. Adayembekeza kugulitsa 5,000, koma chaka choyamba chomwecho zidapita 32,450. Ford Mustang idaonekera pa 17 Epulo 1964 ku New York, ndipo pambuyo pake padatsata Dodge Charger, Chevrolet Camaro, Plymouth Road Runner, kufikira Chevelle SS ya 1970 imene injini yake yaikulu koposa idali ya akavalo 450. Koma galimoto zimenezi zidafanana ndi fano lija la m'loto la mfumu ya ku Babulo, la mutu wagolide ndi mapazi osakaniza ndi dongo; pakuti mphamvu yonseyo idatsikira pa magudumu a mainchi 14, matayala opyapyala a nsalu zopingasa amene adali kuterereka pa mvula, ndi mabuleki a ng'oma amene pa GTO yoyamba adali a mainchi 9.5 okha, ofanana ndi a Tempest wamba yopitira kumsika. Munthu adatha kufika pa liwiro loopsa m'kamphindi, koma kuima kudali nkhani ina. Chilema chimenechi cha kumapazi ndicho muzu wa zonse zimene eni galimotozi akhala akuchita ndi magudumu kuyambira nthawi imeneyo.

Ndipo nyumba iliyonse idali ndi miyambo yake yodabwitsa. Mustang ya injini yaing'ono idali ndi manati anayi, ya injini yaikulu asanu. Galimoto zing'onozing'ono za Chrysler, monga Valiant, Dart ndi Barracuda yoyamba, zidali ndi mabowo asanu pa bwalo lopanikizika la mainchi 4, kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kotero kuti ngakhale gudumu la mkulu wake wa bere limodzi silidalowepo. Pontiac zazikulu, kuyambira 1960 kufikira 1968, zidali kupezeka ndi gudumu la manati asanu ndi atatu lopangidwa ndi Kelsey-Hayes, limene lidali limu lokhalokha lomangidwa m'mphepete mwa ng'oma ya buleki ya aluminiyamu. Lokongola ndithu, koma losakwatirana ndi wina aliyense. Chondikondweretsa koposa ndi mwambo wa Chrysler wakuti manati a magudumu a mbali ya kumanzere akhale a mazinga obwerera, omasulidwa popotolera kumene ena onse amamangira, poganiza kuti kuzungulira kwa gudumu kudziwalimbitsa m'malo mowamasula. Pansonga pa bawuti lililonse lotere adadindapo chilembo cha L, ndipo mwambowu udakhalapo kufikira galimoto za 1970. Mabawuti osawerengeka adathyoka m'manja mwa anyamata amphamvu amene sadaone chilembocho, nakanikiza sipanala ndi phazi, akumayesa kuti akulimbana ndi dzimbiri.

M'zaka zomwezo mudakula malonda a magudumu opangidwa ndi anthu apadera. Ted Halibrand, amene pankhondo adagwira ntchito ya ndege, adayamba kuumba magudumu a mpikisano ndi chitsulo chopepuka cha magnesium ku Culver City, ndipo kwa zaka zambiri galimoto zopambana ku Indianapolis zidayenda pa magudumu ake. Chitsulocho n'chopepuka zedi, koma chimadyeka msanga ndi chinyontho, ndipo chikagwira moto chimayaka ndi kuwala koyera kumene madzi sazimitsa. Dzina lake lofupikitsidwa ndilo lidatsala, kotero kuti ngakhale kuno anyamata a m'magalaja akamati mamagi, akutchula chitsulo chimene mulibe m'magudumu a aluminiyamu amene akugulitsawo. American Racing ya ku San Francisco idatulutsa Torq Thrust ya miyendo isanu, imene idatchuka pa Mustang yobiriwira ya Steve McQueen m'kanema wa Bullitt wa 1968, ndipo Roy Richter adatulutsa Cragar S/S mu 1964, ya limu lachitsulo chonyezimira ndi mtima wa aluminiyamu. Amalondawa nawo adakumana ndi mpanda uja wa mamilimita 6.35, pakuti kusunga gudumu lililonse m'miyeso iwiri kapena itatu kudali kudya malo ndi ndalama. Ndiye ena adatulukira gudumu la mabowo ataliatali ngati nyemba, lolowa pa Ford ndi pa Chevrolet pomwe, lokhala ndi mawashala olikhazika pakati. Nzeruyo idali yabwino kwa wogulitsa, koma mapanga awiri avumbwitsa: mwini galimoto akalakwitsa washala mmodzi, gudumu lidali kukhala chopendekera, ndipo chiwongolero chidali kunjenjemera m'manja ngati munthu wa malungo.

Pamenepo mpamene adaputa, chitsulo chija cha mizere iwiri ya mabowo, idafala m'masitolo, ndipo chodabwitsa n'chakuti idafalitsidwa kwambiri ndi galimoto yachilendo, Volkswagen ya ku Germany, imene kufikira 1967 idali ndi mabowo asanu otayana pa mamilimita 205. Bruce Meyers atapanga mu 1964 kagalimoto kake koyenda pamchenga kotchedwa Manx, ka injini ndi miyendo ya Volkswagen, anthu zikwizikwi adafuna matayala otakata a Chevrolet pa tigalimoto totere, ndipo mbale zolumikizira miyeso iwiriyo zidagulidwa ngati mchere. Zina zidali zabwino, zina zidaumbidwa ndi chitsulo chosalimba nizing'aluka pamsewu, ndipo mbiri yoipa imene adaputa ili nayo kwa okalamba ena mpaka lero idachokera masiku amenewo.

Nyengo ya galimoto zanyonga sidakhalitse. Makampani a inshuwalansi adakweza mitengo kwa anyamata oyendetsa galimoto zotere, lamulo la 1970 loteteza mpweya lidafooketsa injini, ndipo mu Okutobala 1973 maiko a Aluya atatseka mafuta, munthu adachita manyazi kuima pamzere wa petulo ndi chilombo chomwa ngati ngamira. Zambiri zidagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku, zina zidaola m'mabwalo a nyumba. Koma pamene izo zidali m'tulo, gudumu lidasintha. Teyala la mtundu wa radial, limene Michelin ya ku France idalitulukira mu 1946, lidalanda msika wa ku America. Matayala adayamba kufupika m'mbali ndi kutakata, ndipo gudumu, limene lidachepa kuchokera pa mainchi 21 kufika pa 14, lidayambanso kukula kuti m'kati mwake mukwane mabuleki aakulu a mbale. Corvette ya 1984 idadza ndi magudumu a mainchi 16, pofika 1988 padali a 17, ndipo ZR-1 ya 1990 idali ndi akumbuyo otakata mainchi 11. Tsono anyamata aja a 1969, atakula ndi kupeza chuma, adabwerera kukafukula galimoto za ubwana wawo, napeza kuti matayala abwino a mainchi 14 akusowa m'masitolo, kuti mabuleki amakono salowa m'gudumu lakale, ndiponso kuti magudumu a Corvette ochotsedwa ndi eni ake ofuna ena akugulitsidwa motsika. Mabowo ake adali a mainchi 4.75 omwe aja a Chevrolet. Mfunda udali umodzi. Komabe atawamanga pa Camaro kapena pa Chevelle, gudumu lidalowa m'kati mopitirira, nilikhula zitsulo za miyendo, losatheka n'kuzungulira komwe.

Chifukwa chake chili m'kuzama kwa gudumu. Pa galimoto zakale, nkhope imene gudumu limagunda nayo habu idali pafupifupi pakati penipeni pa limu, ndipo n'chifukwa chake magudumu a nthawi imeneyo amaoneka akuya ngati mbale ya ndiwo. Pa galimoto zamakono habu idakankhidwira kunja, m'mimba mwa gudumu, ndipo nkhopeyo ili pafupi ndi mlomo wakunja, mwakuti pa Corvette zambiri za 1988 kufikira 1996 idasunthira kunja ndi mamilimita 56. Mpata umenewo uyenera kudzazidwa ndi kanthu, ndipo kanthuko ndiko adaputa ya masiku ano: mkombero wa aluminiyamu wolimba wotchedwa 6061-T6, wosemedwa pa makina kuchokera ku chigumu chimodzi, wonenepa mainchi awiri kapena kucheperapo, wokhala ndi mabowo asanu akuya olowa pa mabawuti a galimoto ndi mabawuti ake asanu olandira gudumu. Ine ndimauyesa nkhoswe. Pakuti monga nkhoswe amaima pakati pa mabanja awiri osadziwana, namangika ndi mawu ku mbali iyi ndi ku mbali iyo, wosabisa kuti awa ndi ena ndipo awo ndi ena, koma wosenza kusiyanako pa mapewa ake, chomwechonso mkombero uwu umalankhula chinenero cha galimoto kumbuyo kwake ndi chinenero cha gudumu kumaso kwake: kumbuyo mazinga a mainchi, 7/16 pa Chevrolet yakale kapena theka la inchi pa Ford ndi Chrysler, ndi kumaso mazinga a mamilimita 12 kapena 14; kumbuyo chibowo chokwana ndendende pa mphuno ya habu, ndi kumaso kamlomo kokwana ndendende m'chibowo cha gudumu.

Otsutsa amati adaputa imapha mabering'i ndi kuthyola mabawuti, ndipo mawu awo sayenera kutayidwa, chifukwa pali pamene ali oona. Munthu akatenga gudumu limene lidali kale pamalo pake, nalikankhira kunja mainchi awiri kuti galimoto ioneke yaukali, wachita ngati wosenza mtolo pansonga ya mtengo wautali m'malo mouika paphewa. Bering'i imalemedwa chambali, ndipo chiwongolero chimayamba kulimbana ndi dzanja pa dzenje lililonse. Koma pamene mkomberowo wangobweza pakati pa teyala pamalo pamene wopanga galimoto adapaika, bering'i sidziwa n'komwe kuti pali mlendo, pakuti katundu akutsikira pa mzere womwe uja wakale. Ndiponso tiyenera kukumbuka chimene ambiri sachidziwa, kuti si mabawuti amene amasenza galimoto monga chikhomo chisenza thumba. Ntchito yawo ndi kufinya gudumu pa habu mwamphamvu yoti nkhope ziwirizo zigwirane ngati chitsulo chimodzi, ndipo kugwiranako ndiko kumasenza. Nati ikangolefuka, kapena pakati pa nkhopezo pakakhala dzimbiri kapena utoto umene udzaphwanyika pambuyo, gudumu limayamba kusewera, mabawuti amapindidwa uku ndi uku pa kuzungulira kulikonse, ndipo tsiku lina amaduka onse pamodzi, galimoto n'kugwa monga magaleta a Farao m'nyanja muja. Choipa cha adaputa, ngati chilipo, n'chakuti imachulukitsa malo oyenera kusamalidwa: pamene padali manati asanu pali khumi, ndipo asanu mwa iwo abisika kuseri kwa gudumu kumene diso silifika.

Koma chimene ine ndimachiopa koposa ndi gudumu limene limaoneka ngati silifuna nkhoswe. Mainchi 4.75 a Chevrolet, powasandutsa mamilimita, ndi 120.65, BMW ya ku Germany idasankha 120 chabe, ndipo Pontiac GTO yatsopano ya 2004, imene idapangidwa ndi Holden ku Australia, pamodzi ndi Camaro ya 2010, zidatsata muyeso wa 120 womwewo. Chimodzimodzi ku nyumba ya Chrysler: Charger ya 1969 ili pa 114.3, pamene Charger ya 2006 ndi Challenger ya 2008 zili pa 115. Kusiyanako sikufika ngakhale milimita imodzi, ndipo gudumu limalowa pa mabawuti mosavuta, mwini wake n'kumwetulira kuti wapulumutsa ndalama. Koma nati ya gudumu ili ndi mutu wosongoka umene uyenera kukhala pakati penipeni pa bowo lake. Ikakhala chambali, imagunda mbali imodzi yokha, ndipo poimanga imakokera bawuti kumbali, kotero kuti mabawuti onse asanu amakhala opindika pang'ono usana ndi usiku. Alipo ambiri amene ayenda chotero zaka osaona vuto, ndipo amachitira umboni mokweza; koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ine ndingasankhe mkombero woonekeratu, wovomera poyera kuti miyeso iwiriyi njosiyana, kusiyana ndi ubale wonamizira umene ukudya chitsulo mwakachetechete.

Maiko sadagwirizane pa nkhaniyi. Ku Germany munthu amaloledwa kuika mikombero yotere ngati ili ndi chikalata chosonyeza kuti idayesedwa pa galimoto ya mtundu umenewo, ndipo oyesa galimoto monga a TÜV amafuna kuchiona; ku Australia malamulo amakana mikombero imene sidaikidwe ndi wopanga galimoto mwini; pamene Porsche, nyumba yosamala kwambiri, idaika yokha mikombero kumbuyo kwa 911 Turbo yake yoyamba. Pakati pa eni galimoto zakale palinso mpatuko wina, wosakhudza chitetezo koma ulemu wa zakale. Alipo amene amafuna kuti galimoto ikhale monga idatulukira ku Detroit, nafunafuna zaka zambiri gudumu lokhala ndi zilembo zoyenera zodindidwa pafupi ndi valavu, zosonyeza mwezi umene lidapangidwa. Kwa iwo gudumu la mainchi 18 pa Camaro ya 1969 lili ngati chigamba cha nsalu yatsopano pa chovala chakale. Ndimawalemekeza, pakuti popanda iwo sitikadadziwa maonekedwe enieni a zinthuzi. Komabe adaputa ili ndi ukoma umodzi umene ngakhale iwo amauvomera: sidula kanthu, siwotcherera kanthu, sibowola habu, tsiku limene mwini wake adzafuna, adzamasula manati khumi pa gudumu lililonse, ndipo galimoto idzaimanso pa mapazi ake a 1969. Nthawi zina mlendoyo amakhala mdzukulu wobwerera kwa agogo: mu 2001 Ford idatulutsa Mustang yotchedwa Bullitt, ya magudumu a mainchi 17 otengera maonekedwe a Torq Thrust aja, ndipo popeza Mustang idali itabwerera ku mabowo asanu a mainchi 4.5 mu 1994, magudumuwo amakhala pa Mustang ya m'ma 1960 ndi mkombero wongodzaza kuzama.

Ife a kuno nkhaniyi siili kutali nafe monga tingaganizire. Nambala ya 114.3 imene ogulitsa malimu amaitchula pa galimoto zambiri za Toyota ndi Nissan zodzaza m'misewu yathu si ina ayi koma mainchi 4.5 aja a Ford ndi Chrysler atavala chovala cha mamilimita, ndipo 139.7 ya mabowo asanu ndi limodzi a Hilux ndi mainchi 5.5, ndiponso mmisiri wa ngolo kumudzi, amene amagula ekiselo ya galimoto yakufa nayendayenda kufuna malimu ogwirizana nayo, akulimbana ndi funso lomwe lidavutitsa anyamata a ku Muroc.

Tiyeni tsono tiime pakhomo pa galaja, m'mudzi wina wa ku Michigan, Loweruka m'mawa mwezi wa Ogasiti, masiku ochepa chisanafike chikondwerero cha pa Woodward Avenue, kumene kuyambira 1995 galimoto zakale zikwizikwi zimayenda mondondozana kunja kwa Detroit. Mkulu wina wa imvi wakweza Chevelle yake pa jeke, naikhazika pa zochirikiza zachitsulo. Asanagwire mkombero, watenga bulashi ya waya nakwecha nkhope ya habu kufikira chitsulo chitayera, nachotsa timawashala topyapyala timene a kufakitale adasiya pa mabawuti pogwirizira ng'oma ya buleki, pakuti kamodzi kokha ka timeneti kakwanira kupendeketsa zonse. Walowetsa mkombero, waumva ukukhala pa mphuno ya habu popanda kugwedera, wamanga manati ake asanu modumphadumpha monga munthu ajambula nyenyezi, poyamba ndi zala, pambuyo ndi sipanala yopima mphamvu imene imalira kuti "ke" ikafika pa muyeso. Kenaka wagoneka lula pa nkhope ya mkomberowo, nayang'ana chapansipansi ngati nsonga ya bawuti lakale latulukira pamwamba. Limodzi latulukira ndi milimita imodzi, ndipo iye, podziwa kuti gudumu likadakhala pa nsonga imeneyo m'malo mokhala pa nkhope yonse, watembenuza gudumulo kuona ngati kumbuyo kwake kuli maenje olandira nsongazo, ndipo poona kuti alipo ndi akuya mokwanira, wapuma. Wamanga gudumu, walizunguza ndi dzanja akumvetsera ngati pali pokhula, wapotoza chiwongolero mbali zonse ziwiri kufikira pothera, walowetsa zala pakati pa teyala ndi mlomo wa madigadi. Madzulo adzayenda nayo makilomita 80, ndipo m'mawa mwake, popeza mphini yobwereza ndiyo imawala, adzaikwezanso pa jeke, nadzachotsa magudumu onse anayi amene wangowamanga kumene, kuti sipanala ifike pa manati makumi awiri obisika aja, imodzi ndi imodzi.